Momwe Mungawerengere, Kugula ndi Kuika Sola Pakhomo Batire Osafa Msanga

Madandaulo a anthu amene anagula sola amafanana. Miyezi itatu yoyambirira zonse zili bwino: mababu akuwala mpaka pakati pa usiku, ana akuonera TV, anansi akubwera kudzatchajitsa mafoni. Chaka chisanathe inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, yayamba kulira anthu akadali pa nsima, ndipo pofika 9 koloko m'nyumba muli mdima bii. Mwini nyumba amati anamugulitsa batire lachinyengo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri batirelo linali labwino, kungoti usiku uliwonse linkasenza katundu woposa msinkhu wake, ndipo masana panelo yaing'ono sinkatha kulidzaza.

Ndinaziona kwa azakhali anga ku Ntcheu. Tinasonkherana a pabanja, tinagula batire lalikulu ndi panelo imodzi yaing'ono chifukwa wogulitsa anati zikwana, ndipo patatha miyezi 8 batirelo linali litatupa m'mbali. Ndalamazo zinandiwawa, makamaka chifukwa mmodzi mwa osonkhawo anachita kugulitsa mbuzi. Malangizo awa ndi a nyumba wamba ya mababu, TV, wailesi, mafoni ndi fani. Cholinga chake n'chakuti mupite kusitolo mukudziwa kale manambala anu.

## Zoyenera kukhala nazo

Zowerengera ndi zoyesera:
- kope, cholembera ndi foni yowerengera masamu
- tepi yoyezera utali
- multimeter, kachipangizo koyezera ma volt. Ngati mulibe bwerekani kwa okonza mawailesi
- sikelo, ngakhale ya ogula soya ndi mtedza

Zida za solayo:
- panelo
- regulator yoyang'anira kutchaja kwa batire, imene pa katoni amalemba kuti charge controller
- batire la sola, limene amalemba kuti deep cycle
- inveta
- mawaya a kopa onenepa, ofiira ndi akuda
- mafyuzi kapena ma breaker a DC, kutanthauza magetsi a mtundu wa batire
- zitsulo zopangira fulemu, mabawuti, ndi ndodo ya kopa yokhomera pansi ya earth

Zogwirira ntchito: makwerero olimba, masipanala, pulayala, sikuludiraiva, silikoni yotsekera maboo a malata, katoni yophimbira panelo, ndi munthu wachiwiri wokugwirirani makwerero.

Zida za solazo musagule panopa. Yambani mwamaliza masitepe 1 mpaka 6.

## Sitepe 1: Lembani chilichonse chimene mukufuna kuyatsa

Kuseri kwa chipangizo chilichonse kuli kachikwangwani kolembedwa nambala yothera ndi W. Amenewo ndi ma watt, mphamvu imene chipangizocho chimakoka chikayaka. Chulukitsani nambalayo ndi maola amene chimayaka pa tsiku, mupeza ma Wh, mphamvu yonse imene chimadya pa tsiku. Nayi nyumba yachitsanzo:

- mababu 6 a LED a 5W, maola 5: 150Wh
- TV ya mainchesi 32 ya 50W, maola 4: 200Wh
- dikoda ya 15W, maola 4: 60Wh
- mafoni 4, iliyonse pafupifupi 15Wh: 60Wh
- fani ya 45W, maola 4: 180Wh
- wailesi ya 10W, maola 5: 50Wh

Zonse pamodzi ndi 700Wh pa tsiku. Mphamvu ina imatayika m'mawaya, mu inveta ndi m'batire momwe, choncho onjezerani 30 peresenti. Tafika pa 910Wh. Nambala imeneyi ilembeni pamwamba pa tsamba, chifukwa zonse zotsatira zichokera pamenepa.

Chenjezo: lembani maola enieni, osati amene mukulakalaka. Ngati ana amatsegula TV akangoweruka kusukulu, si maola 4, ndi 7. Funsaninso amene amakhala pakhomo masana, ndi amene akudziwa zoona.

## Sitepe 2: Chotsani pa mndandanda zonse zotenthetsa

Ketulo yamagetsi imakoka pafupifupi 2,000W. Simbi yamagetsi ndi hotplate zimakoka 1,000W kapena kuposa. Kuphika nyemba ola limodzi pa hotplate kumadya mphamvu yoposa imene nyumba yathu yachitsanzo imagwiritsa ntchito tsiku lonse. Sola yophikira ilipo, koma ndi ya mapanelo ambiri ndi mabatire a lithium akuluakulu, ndipo mtengo wake ndi wa msinkhu wina. Pa sola ya pakhomo wamba, zophika zisiyireni gasi kapena chitetezo mbaula. Madzi osamba ali ndi giza yakeyake yotenthetsa ndi dzuwa mwachindunji, yosafuna batire.

Filiji ndi nkhani yofunika kuiganizira mofatsa. Yapakatikati imadya pafupifupi 1,000Wh pa tsiku, ndipo kumalo otentha ngati Nsanje, Chikwawa kapena Salima imaposa pamenepo. Ndiye kuti filiji yokha ikuposa zina zonse za m'nyumbamo kuphatikiza pamodzi. Poyamba kulira imakokanso mphamvu kuwirikiza kangapo kwa kamphindi kochepa, zimene zimafuna inveta yokulirapo. Ngati filijiyo ndi ya bizinesi, yoziziritsa zakumwa kapena mafilizesi, iikeni pa mndandanda chifukwa idzibwezera yokha. Ngati ndi yongosungira madzi ozizira, dzifunseni ngati madziwo akuyenera kuwirikiza mtengo wa sola yonse.

Amene mukufuna sola yothirira kudimba, nkhani yanu ndi yabwino kuposa ya onse. Pampu ya sola imagwira ntchito masana molunjika kuchokera ku mapanelo, madzi n'kumadzaza m'thanki. Batire silifunika.

## Sitepe 3: Werengerani batire

Apa khalanipo nthawi, chifukwa ndalama zambiri za sola zimathera pa batire.

Gawani 910Wh ndi ma volt 12 a batire, mupeza 76Ah (Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire). Musathamangire kugula batire la 80Ah. Batire la asidi, kaya lothira madzi, kaya la gel kapena AGM, silifuna kutsitsidwa kupyola theka. Mukamalikama mpaka kutheratu usiku uliwonse, m'kati mwake mumamera zoyera zolimba pa mapuleti ndipo silisunganso moto. Choncho 76Ah muichulukitse kawiri: mukufunika 150Ah, ndipo 200Ah ndiye ikupatsani mpata pa tsiku la mitambo.

Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 limalola kugwiritsa ntchito 80 peresenti kapena kuposerapo. Pa nyumba yomweyi la 100Ah likwana.

Tsopano tiyerekeze awiriwa pa moyo wawo wonse. Amene muli ndi mita ya ESCOM mumadziwa mayunitsi: yunitsi imodzi ndi 1,000Wh. Batire la gel la 150Ah limakupatsani pafupifupi 0.9 ya yunitsi usiku uliwonse. Likasamalidwa lingadzazidwe ndi kutsitsidwa choncho maulendo 600 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti mayunitsi pafupifupi 540 lisanafooke. La lithium la 100Ah limapereka yunitsi imodzi usiku uliwonse, ndipo labwino limafika maulendo 3,000, ndiye kuti mayunitsi 3,000. Tengani mtengo umene akuuzani kusitolo, wa gel mugawe ndi 540, wa lithium mugawe ndi 3,000. Ngakhale la lithium litakwera katatu, yunitsi yake imatsikabe mtengo. Ine ngati thumba likulola ndimalangiza lithium. Ngati silikulola, gulani la gel lalikulu ndithu, osati laling'ono loti muzilikama.

Chenjezo: batire la galimoto si la sola. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwe nthawi yomweyo. Pa sola limafa miyezi yochepa.

## Sitepe 4: Werengerani mapanelo

Dzuwa limawala maola 11 mpaka 13, koma maola amene lili ndi mphamvu yokwana kudzaza batire kuno kwathu ndi pafupifupi 5. Powerengera gwiritsani ntchito 4.5. Gawani 910 ndi 4.5, mupeza 200W. Imeneyo ndi ya tsiku loyera, panelo ili yotsukidwa. Gulani 300W.

Musaone ngati kuwononga. Panelo ndi chida chotsika mtengo poyerekeza ndi zaka zimene imakhala: yabwino imagwira ntchito zaka 25 n'kumaperekabe pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu yake yoyamba. Ndipo panelo yokulirapo ndi imene imateteza batire, chifukwa imalidzaza msanga ngakhale kuli mitambo. Amene mukukhala ku Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Blantyre mukudziwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene dzuwa limabisala masiku atatu kapena anayi. Ku Mzuzu ndi Nkhata Bay nakonso mvula imachedwa kusiya. Kumalo otere onjezerani panelo ina musanaganize zoonjezera batire. Mu Januwale ndi Febuluwale dziko lonse limakhala m'mitambo, ndipo ndi miyezi imene mabatire ambiri amayamba kudwala.

## Sitepe 5: Sankhani regulator ndi inveta

Regulator ilipo ya mitundu iwiri. Ya PWM ndi yotsika mtengo ndipo imayenda ndi mapanelo ang'onoang'ono amene kuseri kwawo alemba Vmp ya ma volt pafupifupi 18. Ya MPPT ndi yokwera mtengo koma imakolola mphamvu yambiri, ndipo ndi yokhayo yoyenera mapanelo akuluakulu a masiku ano a 400W kapena 550W, amene amatulutsa ma volt oposa 30. Mukalumikiza panelo yotere ku regulator ya PWM ndi batire la ma volt 12, mphamvu yoposa theka imangotayika. Pa 300W ndi batire la ma volt 12, gawani 300 ndi 12, mupeza ma amp 25, ndiye gulani ya 30A.

Samalani ndi tima regulator topepuka tolembedwa MPPT koma mtengo wake wofanana ndi wa PWM. Ya MPPT yeniyeni imalemera chifukwa ili ndi koyilo m'kati ndi zitsulo zoziziritsira kuseri.

Inveta muisankhe poona zinthu zimene zingayake nthawi imodzi. M'nyumba yathu yachitsanzo sizifika 250W, choncho ya 500W ikwana. Tengani yolembedwa pure sine wave. Ya modified sine wave imaliritsa fani, imatenthetsa matchaja ndipo imafupikitsa moyo wa filiji. Inveta yaikulu mopitirira si yabwino: imadya mphamvu ngakhale palibe chayaka, ndipo ya 3,000W ikhoza kumwa gawo lalikulu la batire laling'ono ili chongoyaka usiku wonse. Ngati zonse zimene mukufuna ndi mababu, wailesi ndi mafoni, inveta isiyeni. Gulani mababu a DC a ma volt 12, mafoni muzitchaja pa USB ya regulator.

Katundu wanu akaposa 1,500Wh pa tsiku, kambiranani ndi mmisiri zoika ma volt 24 m'malo mwa 12. Mawaya amachepa kunenepa ndipo satentha.

## Sitepe 6: Werengerani mtengo wa zaka 10, osati wa tsiku logula

Mitengo ya makwacha sindiilemba pano chifukwa pafupifupi chida chilichonse cha sola chimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo makoteshoni amene anthu anasunga m'matumba anasanduka mapepala chabe. Tengani makoteshoni atatu m'sabata imodzi, olemba dzina la chida chilichonse, kukula kwake ndi walanti yake. Kenako lembani motere:

- mapanelo ndi fulemu: kamodzi
- mawaya, mafyuzi, mmisiri ndi thiransipoti: kamodzi
- regulator ndi inveta: kawiri, chifukwa chimodzi mwa izi chidzafa zaka 10 zisanathe
- batire la gel: kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, la lithium: kamodzi, mwina kawiri

Phatikizani, mugawe ndi miyezi 120. Umenewo ndiye mtengo weniweni wa sola yanu pa mwezi. Tsopano uyerekezeni ndi zimene mukuwononga lero.

Ngati kwanu kulibe magetsi a ESCOM, lembani kwa mwezi wathunthu ndalama za makandulo, mabatire a tochi ndi a wailesi, kutchajitsa mafoni, ndi kabaza wopita kumsika kukatchajitsako. Mabanja ambiri amadabwa akaphatikiza. Ngati pali kabizinesi kometa, kotchaja mafoni kapena koonetsa mpira, ikaniponso zimene kangabweretse. Kumudzi sola nthawi zambiri imapambana, ndipo pali zina zosalowa m'masamu, monga mwana wa Sitandade 8 kuwerenga usiku popanda kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu.

Ngati muli pa ESCOM, ndikuuzeni zoona: 700Wh pa tsiku ndi mayunitsi 21 okha pa mwezi. Onani pa lisiti lanu kuti mayunitsi 21 ndi ndalama zingati. Sola yaing'ono siidzakubwezerani ndalama kudzera mu bilu. Chimene mukugula ndi kuwala pamene magetsi athima. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yoposa chaka. Abale a ku Zambia anaona zofanana mu 2024 madzi atatsika ku Kariba. Ngati kwanu magetsi amathima maola ochepa, inveta yotchaja batire kuchokera ku ESCOM ikwana popanda panelo. Ngati amathima tsiku lonse, batire silipeza nthawi yodzaza ndipo mapanelo akufunika. Poyerekeza ndi jenereta, werengerani malita a petulo pa sabata, oyilo, ndi masiku oima pamzere pa filing'i siteshoni.

Mwina mumadabwa kuti nanga bwanji magetsi a dzuwa a ku Salima, a ma megawatt 60, ndi a ku Golomoti, a ma megawatt 20, amatchedwa otsika mtengo. Kumeneko mphamvu yambiri imalowa m'nthambo nthawi yomweyo dzuwa likuwala. Pakhomo mumaifuna usiku, ndiye mumalipira kuisunga.

Ngati ndalama yogulira kamodzi palibe, makampani monga Yellow, VITALITE ndi Zuwa Energy amagulitsa timasola tapakhomo tolipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Musanasaine, phatikizani dipoziti ndi zolipira zonse mpaka kumapeto, muyerekeze ndi mtengo wa kashi. Funsani kuti mukalephera kulipira sabata ziwiri chimachitika n'chiyani, chifukwa zida zimenezi zimadzitseka zokha. Ena amaona kuti n'kwabwino kudikira kugawana kwa banki m'khonde n'kugula kamodzi. Katapila yekha musamuyandikire pa nkhani ya sola.

## Sitepe 7: Yesani katundu musanalipire

Panelo: yezani utali ndi mulifupi m'mamita, chulukitsani, kenako chulukitsaninso ndi 200. Yankho lake ndi pafupifupi ma watt amene panelo ya kukula kumeneko ingapereke. Panelo ya masentimita 60 kwa 50 ndi 0.3, ndiye kuti 60W. Ngati pachikwangwani alemba 150W, chikwangwanicho ndi chabodza. Itulutseni padzuwa, ikani multimeter pa mawaya ake, muone ngati ma volt akuyandikira nambala ya Voc yolembedwa kuseri. Yang'ananinso galasi ngati lili ndi ming'alu kapena madontho ofiirira.

Batire: liikeni pa sikelo. La asidi kapena gel la 100Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 30, la 200Ah pafupifupi 60. Lolembedwa 200Ah koma lonyamulika ndi dzanja limodzi mulibe mtovu wokwanira. Multimeter isonyeze 12.6 kapena kuposa. Losonyeza pansi pa 12.4 lakhalitsa pa shelefu, lisiyeni. La lithium la 100Ah ndi lopepuka, makilogalamu 11 mpaka 13, koma funsani ngati lili ndi BMS, kabokosi ka m'kati kolitchinjiriza.

Pa lisiti alembe nambala ya chida chilichonse ndi miyezi ya walanti. Pa timasola tating'ono tobwera m'katoni imodzi, funsani ngati tinayesedwa ndi VeraSol, bungwe lotsimikizira zida za sola. Mmisiri akuonetseni chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, makamaka ngati akhudza mawaya a m'nyumba.

Abale a ku Joni amene mumatumiza sola kumudzi: mapanelo, inveta ndi regulator tumizani, koma muzikulunge bwino. Batire la gel ganizirani kawiri. Limakhala masabata m'thiraki, kenako miyezi pakona kudikira kuti mudzabwere pa Khirisimasi mudzaliike nokha, ndipo likamadzaikidwa lafooka kale. Walanti ya sitolo ya ku Johannesburg siithandiza munthu ali ku Mzimba. Kuli bwino kutumiza ndalama, batire ligulidwe kuno sabata yomwe likuikidwa.

## Sitepe 8: Ikani panelo

Malawi ali kummwera kwa equator, choncho panelo iyang'ane kumpoto. Imani dzanja lamanja litaloza kotulukira dzuwa. Kumene nkhope yanu yayang'ana ndiko kumpoto. Ipendekeni madigiri pafupifupi 15: pa mita imodzi ya utali wa panelo, mbali ya kummwera ikwere masentimita 26 kuposa ya kumpoto. Kupendeka kumeneku kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi.

Musaigoneke pamalata penipeni. Siyani mpata wa masentimita 10 kapena kuposa kuti mphepo izidutsa pansi, chifukwa panelo ikatentha imapereka mphamvu yochepa, ndipo malata a mu Okutobala mumawadziwa. Mabawuti alowe m'mitengo ya denga, osati m'lata lokha, ndipo maboo muwatseke ndi silikoni. Pa nyumba yaudzu zikani mzati wachitsulo pabwalo. Wotcherani mitu ya mabawuti kapena ikani loko, akuba mapanelo alipo.

Chenjezo lalikulu ndi mthunzi. Tizigawo ta m'panelo tinalumikizidwa ngati unyolo, ndiye mthunzi wa nthambi imodzi ya mango kapena wa dishi ya TV pakona ukhoza kugwetsa mphamvu ya panelo yonse. Musanaboole, onani malowo 9 koloko m'mawa, masana, ndi 3 koloko. Kumbukirani kuti mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto kwambiri ndipo mithunzi imatalika.

## Sitepe 9: Lumikizani motsatira ndondomeko iyi

1. Phimbani panelo ndi katoni. Vulani wotchi, mphete ndi zibangili.
2. Ikani batire pamalo ozizira, odutsa mphepo, pa thabwa, kumene ana safika. Lisakhale kukhitchini kapena m'chipinda chogona. Lothira madzi limatulutsa mpweya woyaka likamatchajidwa.
3. Ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi batire. Ya 40A ikwana pa regulator ya 30A.
4. Lumikizani batire ku regulator poyamba, wofiira ku + ndi wakuda ku −. Regulator iyake. Sankhani mtundu wa batire pa mabatani ake: gel, lothira madzi kapena lithium.
5. Kenako lumikizani panelo ku regulator, n'kuchotsa katoni.
6. Inveta ilumikizeni molunjika ku batire, ndi fyuzi yakeyake ya 60A ngati ndi ya 500W. Musailumikize pa timabowo ta regulator tojambulidwa babu, mungaiotche.
7. Fulemu ya panelo ndi thupi la inveta muzilumikize ku ndodo ya earth.

Pochotsa, yambani ndi panelo, batire pomaliza.

Mawaya ndi pamene anthu amaumira, ndipo ndi pamene moto umayambira. Pa ma volt 12 mumadutsa ma amp ambiri. Kuchokera ku panelo gwiritsani ntchito 4mm² kapena 6mm², pakati pa regulator ndi batire 6mm² kapena 10mm², ndipo ku inveta ya 500W 16mm² wosapitirira mita imodzi ndi theka. Waya wa sipika kapena wa ekisitenshoni si wa ntchito imeneyi. Palani waya ndi mpeni pogula: ngati m'kati ndi woyera, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa. Zonse zikayaka kwa theka la ola, gwirani mawaya ndi polumikizira. Pofunda pali vuto.

Ngati nyumba ili ndi magetsi a ESCOM, sitepe yolumikiza inveta ku mawaya a m'nyumba si yanu. Pafunika swichi ya changeover, yosankha pakati pa magetsi a ESCOM ndi a inveta, yoikidwa ndi mmisiri wachiphaso. Kulowetsa inveta pa soketi ndi waya wa mapulagi awiri kumabweza magetsi m'nthambo za panja, ndipo kukhoza kupha munthu amene wakwera pa pholo akudziwa kuti magetsi anathimitsa.

## Sitepe 10: Samalirani

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tsukani panelo sabata iliyonse ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa, m'mamawa galasi lisanatenthe. Zitosi za mbalame zichotseni tsiku lomwelo. Batire lothira madzi muzilisuzumira mwezi uliwonse n'kuthiramo madzi a batire okha, osati a pamjigo, osatinso asidi.

Phunzitsani onse a m'nyumba kuwerenga nambala ya pa regulator. Pa batire la asidi kapena gel limene lapuma, 12.7 ndi lodzaza, 12.2 ndi theka. Likafika pamenepo TV ndi fani zithime, atsale mababu. Ntchito zolemera monga kutchaja laputopu ndi mafoni a anansi muzichite masana batire litadzaza.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kuchotsa regulator chifukwa akuti ikuchedwetsa kutchaja. Panelo yolumikizidwa molunjika imawiritsa batire mpaka kuuma kapena kutupa. Ngati batire silikudzaza, vuto ndi kuchepa kwa panelo, mthunzi, fumbi kapena waya woonda.

Kuphatikiza batire latsopano ndi lakale. Lakale limakoka latsopano mpaka onse afanane kufooka. Chimodzimodzi kusakaniza gel ndi lothira madzi, kapena 100Ah ndi 200Ah. Mabatire ogwira ntchito limodzi akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, ogulidwa tsiku limodzi.

Kuzimitsa inveta ikalira n'kuiyatsanso kuti mpira uthe. Kulirako ndi kukuuzani kuti batire latsika kale kupyola poyenera. Mphindi 20 zimenezo, zikamachitika sabata iliyonse, zimadula miyezi pa moyo wa batire.

Kuonjezera katundu mwakachetechete. Sola inawerengeredwa mababu ndi TV, kenako mlamu wabweretsa filiji, mwana wabwera ndi sabufa. Chilichonse chatsopano chibwerere pa Sitepe 1.

Kusunga batire pamalo otentha. Kutentha kukakwera madigiri 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire la asidi umatsika pafupifupi ndi theka. Kabokosi kamalata kapanja kapena pansi pa denga lopanda siling'i ndi malo oipa.

Kusiya nyumba miyezi inveta ili chiyakire, kapena batire lili lotsika. Mukamachoka thimitsani inveta, koma panelo ndi regulator zisiyeni zolumikizidwa kuti batire likhale lodzaza.

Kutaya batire lakufa kudzala kapena kuliswa pakhomo. Muli mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ngakhale utakhala wochepa, ndipo asidi wake amalowa m'nthaka pafupi ndi chitsime. Musalole anyamata kulisungunula pa mbaula kuti apange zolemetsera mbedza kapena ukonde. Libwezeni losaswa kwa ogulitsa mabatire. Ambiri amalandira lakale n'kukuchotserani pa mtengo wa latsopano.